Chitsulo cha roketi chikagwa m'munda wa mtedza ku Mkanda, adzalipira ndani?

Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110. Kuchoka pa boma pomwepo kulunjika kumwamba, mpaka pamalire pomwe akatswiri ambiri amati mlengalenga weniweni wayambira, ndi makilomita 100 okha. Munthu amene akuwodzera mu minibasi pa depoti ya Mchinji podikira kuti idzaze ali pafupi ndi khomo la kumwamba kusiyana ndi msika wa ku Lilongwe komwe akupita.

Komabe nkhani za maroketi zikamveka pa wailesi, alimi a ku Kapiri, Mkanda ndi Waliranji amazitenga ngati macheza a anthu okhuta. Kumaiko komwe zombozi zimanyamukira kuli mkangano wosatha. Ena akuti ntchito yofufuza zakumwamba ikhale m'manja mwa boma, poti boma silithamangira phindu. Ena akuti makampani ndiwo abweretsa changu ndi kutsitsa mitengo pomwe boma linkangokwawa. Mbali zonse ziwiri zikamakamba za chitetezo zimaganizira anthu okwera m'chombomo. Wopalira mtedza kunsi kwa njira ya chombocho sawerengedwa, chikhalirecho ndi yekhayo pa nkhani yonseyi amene sanafunsidwe maganizo.

Pa 30 Disembala 2024, dzuwa litapendeka, anthu a m'mudzi wa Mukuku m'dera la Makueni ku Kenya anamva chimkokomo kumwamba, kenako chinthu chinagwa m'tchire kuti khu! Atathamangirako anapeza chinkhata chachitsulo, chikadali chamoto, chotalika mamita 2.5 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, cholemera makilogalamu pafupifupi 500. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba khumi a chimanga atamangidwa pamodzi. Bungwe la Kenya Space Agency linabwera kudzachitenga ndipo linati ndi chidutswa cha roketi. Mwamwayi palibe anavulala. Koma masabata anadutsa akatswiri a kunja akukangana kuti chinachokera ku roketi ya yani, ndipo mwini wake sanathamangire kudzadziulula.

Si ku Mukuku kokha. Mu Meyi 2020 chipaipi chotalika mamita 12 chinagwera m'mudzi wa Mahounou ku Côte d'Ivoire, tsiku lomwelo lomwe thunthu la roketi ya boma la China yotchedwa Long March 5B linkabwerera pansi popanda woliwongolera. Mu 2022 alimi a nkhosa pafupi ndi Dalgety ku Australia anapeza zidutswa za chombo cha kampani ya SpaceX m'mabusa mwawo, ndipo mu 2024 mlimi wina ku Saskatchewan m'dziko la Canada anakumana ndi zomwezo. Mu Malichi chaka chomwecho kachitsulo kochokera ku malo ofufuzira a International Space Station kanaboola denga la nyumba mumzinda wa Naples ku Florida, m'nyumbamo muli munthu, ndipo bungwe la boma la NASA linavomera kuti n'kake. Pa mndandandawu pali za boma, pali za makampani, koma zonse zinagwera anthu omwe sankadziwa n'komwe kuti pamutu pawo pakudutsa kanthu.

Ndipo tsokali silinagawidwe mofanana. Kafukufuku yemwe anatsogolera Michael Byers wa ku University of British Columbia, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti matunthu a maroketi osiyidwa kumwamba angathe kugwera madera oyandikana ndi pakati pa dziko lapansi, monga komwe kuli Jakarta, Dhaka ndi Lagos, katatu kuposa madera a New York, Beijing ndi Moscow. Chifukwa chake n'chakuti maroketi ambiri amatayidwa m'njira zozungulira chapakati pomwepa. Mchinji ili madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa mzere wapakatiwo. Oponya ali kumpoto, koma bwalo logwerapo zinyalala lili kuno.

Chodabwitsa n'chakuti chigawo chino chinaganizirapo za anthu apansi kale kwambiri, ngakhale nkhaniyo imakambidwa mwachiseko. Kungowoloka pa Mwami, kudutsa Chipata mpaka ku Lusaka, dzina la Edward Mukuka Nkoloso likadali pakamwa pa anthu. Bamboyu anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako mphunzitsi wa sayansi komanso womenyera ufulu m'chipani cha UNIP. Anakhazikitsa yekha bungwe lomwe analitcha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, ndipo mu 1964 analengeza kuti Zambia ifika kumwezi, kenako ku Mars, Amereka ndi Soviet Union asanafikeko. Pafamu ina yosiyidwa kunja kwa Lusaka ankalowetsa achinyamata ake mu mgolo wa mafuta n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere kugwedezeka kwa chombo, ena n'kumawakankha pakatungwe kuti alaweko kupepuka kwa thupi. Oyamba kunyamuka anayenera kukhala mtsikana wotchedwa Matha, amphaka awiri ndi mmishonale. Analembera bungwe la UNESCO kupempha mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, ndipo boma la Kaunda linanena poyera kuti zimenezo n'zake yekha.

Atolankhani a kunja anaseka mpaka misozi. Wolemba mabuku wa ku Zambia Namwali Serpell anadzafunsa patapita zaka ngati Nkoloso sankawaseka iwo eni ake, azungu omwe ankaona ngati munthu wakuda sangalote za mwezi. Koma pali kachigawo ka nkhaniyi komwe ambiri amakadumpha. Nkoloso ankafuna kuti roketi yake, D-Kalu 1, inyamukire pa bwalo la Independence Stadium pa 24 Okutobala 1964, tsiku lomwe Zambia inalandira ufulu. Iye mwini analemba m'nyuzipepala kuti komiti yokonza mwambowo inakana poopa kuti alendo achita mantha, ndipo anaganiza kuti chinkawadetsa nkhawa ndi fumbi ndi phokoso. Roketi ya aluminiyamu ndi kopa ija sikanafika ngakhale pamwamba pa mtengo wa bulugamu, aliyense akudziwa. Komabe dongosolo lake linali lolondola. Mwini chombo anapempha, anthu ena osadyapo kanthu anaganizira khamu lomwe lidzakhale pansi, anakana, ndipo chombo sichinanyamuke.

Patatha zaka pafupifupi 60, pa 20 Epulo 2023, roketi yaikulu kuposa zonse m'mbiri, Starship ya SpaceX, inanyamuka ku Boca Chica ku Texas. Moto wake unafukula simenti ya pamalo onyamukirapo, zibuluma n'kumwazikira m'madambo, fumbi n'kukagwera m'tauni ya Port Isabel makilomita angapo kuchokera pamenepo. Komiti ya ku Lusaka ikanati, tinanena ife. Pa 16 Januwale 2025 Starship ina inaphulikira kumwamba ndipo zidutswa zinagwera pa zilumba za Turks and Caicos, ndege za anthu n'kupatutsidwa m'njira zake. Pa 6 Malichi zinachitikanso chimodzimodzi cha kufupi ndi Bahamas. Kampaniyi simabisa nzeru yake: panga msanga, ulutsa, chikaphulika phunzirapo, panganso. Ndi nzeru yomwe yabala zipatso, koma sukulu yakeyo ikuchitikira pamwamba pa madenga a eni ake.

Amene angaganize kuti boma ndiye mankhwala awerengenso mbiri. Pa 27 Januwale 1967 amuna atatu anapsera m'chombo cha Apollo 1 chikadali pansi, nthawi yomwe Amereka inkathamangitsana ndi Soviet Union. Mu Epulo chaka chomwecho Vladimir Komarov anafa m'chombo cha Soyuz 1 chomwe chinanyamuka chili ndi zolakwika zambiri. Mu Febuluwale 1996 roketi ya China inapotoka itangonyamuka ku Xichang n'kukagwera pamalo okhala anthu, ndipo boma linavomereza imfa zisanu ndi imodzi. Ku Alcântara m'dziko la Brazil anthu 21 anafa mu Ogasiti 2003 roketi itaphulika isananyamuke. Zonsezi zinali ntchito za maboma.

Ngozi ya chombo cha Challenger ndiyo imaonetsa bwino pomwe pamagona vuto. Usiku woti mawa lake, pa 28 Januwale 1986, chombo chinyamuka, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti kwazizira kwambiri ndipo mphira zotsekera m'malumikizidwe a roketi ziuma n'kulephera kugwira ntchito. Akuluakulu a NASA, omwe ulendo unali utawachedwera kale kangapo, sanakondwe ndi mawuwo. Mabwana a kampaniyo anakambirana paokha, n'kusintha maganizo, n'kusaina kuti zonse zili bwino. Chombo chinasweka patangotha masekondi 73, anthu asanu ndi awiri n'kufa, kuphatikizapo mphunzitsi Christa McAuliffe yemwe ana asukulu ankamuonera pa kanema. Mlandu umenewu ndi wa boma kapena wa kampani? Boma linkaopa manyazi a kuchedwa, kampani inkaopa kukhumudwitsa kasitomala wake wamkulu, ndipo wodziwa zoona analibe mphamvu yoimitsa ulendo. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo china cha NASA, Columbia, chinaswekanso pobwerera, chifukwa cha bala lomwe linachitika pa phiko ponyamuka, lomwe mainjiniya anapempha kuti liunikidwe koma pempho lawo silinapite patali. Anthu enanso asanu ndi awiri anafa, ndipo zidutswa zoposa 80,000 zinatoledwa m'minda ndi m'nkhalango za Texas ndi Louisiana.

Pali umboni woti phunzirolo linalowa, penapake. Mu 2014 NASA inapatsa Boeing kontirakiti ya madola 4.2 biliyoni ndi SpaceX ya madola 2.6 biliyoni kuti apange zombo zonyamula anthu. SpaceX inanyamula anthu ake oyamba pa 30 Meyi 2020. Boeing, kampani yakale ya dzina lolemera, inafika mochedwa, ndipo chombo chake cha Starliner chitanyamula Butch Wilmore ndi Suni Williams mu Juni 2024, tiinjini tina towongolera tinazima m'njira, mpweya wa helium nawo ukudontha. Boeing inkati chombocho chikhoza kuwabweza bwinobwino. NASA inakana. Starliner inabwerera yopanda munthu mu Sepitembala, ndipo awiriwo, omwe anapita ulendo wa sabata imodzi, anatsika pa 18 Malichi 2025 m'chombo cha SpaceX atakhala kumwamba masiku 286. Zinali zamanyazi, zinadya ndalama, koma palibe maliro anachitika. Chinawapulumutsa n'chakuti wopanga chombo ndi wogamula kuti chiyende sanali munthu mmodzi.

Apa m'pamene malamulo a Amereka, komwe kumanyamukira maroketi ambiri masiku ano, amasiya mpata. Nthambi ya bungwe loona za ndege la FAA yopereka ziphaso kwa makampani a maroketi inapatsidwanso udindo wolimbikitsa bizinesi yomweyo. Ngozi ikachitika, kawirikawiri kampani yomweyo ndiyo imatsogolera kafukufuku, FAA n'kumayang'anira. Ndipo kuyambira 2004 lamulo linamanga manja a FAA pa zokhazikitsa malamulo oteteza anthu okwera m'zombo za makampani, ati makampani ayambe aphunzira kaye. Nthawi yophunzirayo yakhala ikuwonjezeredwa mpaka yafika ku 2028. Wokwera amangosaina kuti wauzidwa za kuopsa kwa ulendo. Mpondamatiki wogula mpando akasaina, n'zake zimenezo. Gogo wa ku Mukuku sanasaine pepala lililonse.

Anthu a ku Mchinji nkhani yotereyi amaidziwa, kungoti amaidziwira pamsewu. Achikulire akukumbukira mabasi a UTM ndi a Shire, momwe munthu ankakonzekera ulendo wa ku Lilongwe ngati akupita ku Joni. Maminibasi a anthu atadzaza pamsewu, kupita kutauni n'kubwerako tsiku lomwelo kunasanduka chinthu wamba. Pamodzi ndi ufuluwo panabwera kupanikizana anayianayi pampando, matayala osalala ngati chipande, ndi madalaivala olimbirana okwera pa Kamwendo. Walira mvula walira matope, inde, koma palibe amene akupempha kuti mabasi akale abwerere okha. Chomwe okwera amafuna ndi woyeza galimoto amene si mlamu wake wa mwini galimoto, ndi wapolisi wa pamsewu wosalandira ya fanta.

Mvulayo ndi yeniyeni, ndipo wotsutsa maroketi onse angakhale wosayamika. Kuyambira pomwe SpaceX inakwanitsa kutsitsa roketi ya Falcon 9 n'kuimika chilili mu Disembala 2015, mtengo wotumiza katundu kumwamba unagwa, ndipo mu 2024 mokha kampaniyi inaulutsa maroketi oposa 130. Zimenezi ndi zomwe zinathandiza Botswana kukweza setilaiti yake yoyamba mu Malichi 2025, patangopita zaka zochepa Zimbabwe ndi Uganda zitakweza zawo mu Novembala 2022. Bungwe la MACRA linapereka chiphaso kwa Starlink ya SpaceX mu 2022 ndipo intaneti yake inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023, kuchokera ku masetilaiti zikwizikwi omwe panthawiyo ankayenda makilomita pafupifupi 550 pamwamba. Kumadera a m'malire, komwe foni imasokonezeka n'kuyamba kukoka netiweki ya ku Zambia, kambale koyera koyang'ana kumwamba si chinthu chamasewera kwa sukulu kapena chipatala chomwe chingakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi.

Za maboma nazo zili m'thumba mwa aliyense. Mapu a pafoni omwe woyendetsa thiraki amadalira amachokera ku GPS, ya asilikali a Amereka, yomwe dziko lonse limagwiritsa ntchito ulere. Zithunzi za mitambo zomwe a zanyengo amaunika asanauze alimi za mvula zimachokera ku masetilaiti monga Meteosat, olipiridwa ndi misonkho ya ku Ulaya. Palibe kampani ikanayamba zimenezi, poti mlimi wa soya ku Ludzi sangakhale kasitomala wake. Namondwe Freddy anaoneka pa zithunzi zoterezi kuyambira pomwe anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, n'kutsatiridwa tsiku ndi tsiku akuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean. Ngakhale zinali choncho, atafika ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi anapha anthu oposa 600. Uthenga wochokera kumwamba unafika, koma pansi panalibe kothawira kokwanira.

Pansi pomwepa m'pomwe Malawi ali ndi chochita, poti ku Texas ndi ku Xichang alibe mawu. Pangano la maiko la 1967 limati boma lililonse limayankha pa zomwe makampani a m'dziko lake akuchita kumwamba. Pangano lina la 1972 limati dziko lomwe laulutsa chombo liyenera kulipira zonse zomwe chombocho chawononga pansi, popanda kufunsa ngati panali kusasamala kapena ayi. Pamapepala ndi lamulo labwino kwambiri. Vuto lake n'lakuti pansi pa panganoli mlimi sangadandaule yekha. Boma lake ndilo limapereka dandaulo ku boma linzake kudzera kwa akazembe, ndipo liyenera kutero chisanathe chaka kuchokera pa tsiku la ngozi kapena tsiku lomwe mwini chombo wadziwika. Canada inayesa njira imeneyi setilaiti ya Soviet Union yotchedwa Kosmos 954 itamwaza zidutswa za nyukiliya kumpoto kwa dzikolo mu Januwale 1978. Inapempha madola a ku Canada oposa 6 miliyoni, inalandira 3 miliyoni mu 1981. Limenelo ndi dziko lolemera, la maloya ndi akatswiri ake, ndipo linapeza theka.

Ndiye taganizirani chinkhata cha ku Mukuku chitagwa m'munda wa mtedza kwa Mkanda usiku wa mwezi wa Febuluwale. Kunoko chinthu chamoto chikatsika kumwamba mdima uli bii, maganizo oyamba a ambiri sapita ku roketi. Amapita ku ndege za ufiti, ndipo chala chimayamba kuloza agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi. Nkhani za okalamba omenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba pa milandu yotere si zachilendo m'nyuzipepala za dziko lino, moti ngozi yoyamba ya chitsulocho ikhoza kugwera munthu yemwe sichinamukhudze n'komwe. Kukacha ana adzachikwera. Matanki ena a zombozi amafika pansi asanapse, ndipo ena amakhala ndi zotsalira za mafuta a poizoni otchedwa hydrazine, omwe amawononga khungu ndi mapapo. Dzuwa likamafika paliwombo, wosula mbaula ndi wogula zitsulo zakutha adzakhala atafika kale ndi sikelo.

Dziko lino linalandirapo mlendo wochokera kumwamba. Pa 22 Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa ku Machinga, ndipo mpaka lero akatswiri amautchula ndi dzina la bomalo. Koma mwala wotere ulibe woulipiritsa. Chitsulo cha roketi chili ndi mwini, chimakhalabe chake ngakhale chitagwera m'munda wa wina, ndipo manambala olembedwa pa icho ndiwo umboni wokhawo womwe boma lingaimirepo pofuna chipukuta misozi.

Zofunika kuchita si za mabiliyoni. Aphungu afunse unduna woona za maubale ndi maiko ena kuti Malawi ali pati pa mapangano a 1967 ndi 1972, poti pangano limateteza bwino dziko lomwe linalivomereza. Nthambi ya DoDMA, apolisi, oyang'anira za ndege ndi bungwe loona za mphamvu za nyukiliya la AERA agwirizane kuti foni ikalira amadzuka ndani. Tsamba limodzi la m'Chichewa lifike kwa mafumu kudzera kwa bwanamkubwa, lonena kuti chinthu chotere chikagwa asachigwire, asachidule, atchingire malowo ndipo ajambule manambala ake. Dziko lino linatsegula mlengalenga mwake ku Kasungu mu 2017 kuti makampani ayesereko madironi motsatira malamulo omwe boma linaika, choncho kulemba dongosolo la zinthu zouluka si ntchito yachilendo kwa akuluakulu a ku Capital Hill. Bungwe la African Space Agency, lomwe linatsegulidwa ku Cairo mu Epulo 2025, ndi bwalo loyenera kuti maiko a chigawo chino akaumirire pamodzi kuti aliyense woulutsa roketi azisiyako mafuta okwanira kukagwetsera thunthu lake m'nyanja. Luso limenelo lilipo kale, chimene eni ake amazemba ndi mtengo wake.

Kwa Mchinji palinso nkhani ya malire. Chombo chikamasweka pobwerera, zidutswa zake zimamwazika pa mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo sizidzaima pa chipata cha Mwami, chomwe Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, kuti zidinditse pasipoti. Chidutswa cholembedwa nambala chikhoza kugwera ku Chipata pomwe chowononga nyumba chagwera kwa Mlonyeni. Maofesi a maboma awiriwa amakumana kale pa nkhani za kolera ndi chimanga chozembetsedwa, ndiye kuwonjezerapo mutu umodzi pa zokambirana zawo sikungawonongetse ngakhale lita imodzi ya dizilo. Pangano la 1972 limapatsa boma miyezi khumi ndi iwiri yoti lisonkhanitse umboni. Anyamata awiri a macheka achitsulo ndi ngolo ya ng'ombe chinkhata cha makilogalamu 500 angachimalize tsiku limodzi lisanathe.